KHANSA YA M'MSANA: OPARESHONI NDI KUCIRA KWAKE

Kupweteka kwa msana sikwacilendo. Amai a ku Chikamveka osenza nkhuni ndi abambo olima m'mphepete mwa phiri la Zomba akudziwa bwino, ndipo akapumula masiku awiri kapena atatu ululu umatha. Koma kulipo kupweteka kwina kosamva kupumula, ndiko kumene tifuna kukufotokozerani mwezi uno.

Kodi nthendayi njotani?

M'kati mwa mafupa a msana mupita mtsempha waukulu wocokera ku bongo, umene ulamulira miyendo, mkodzo ndi cimbudzi. Cotupa ca khansa cikamera pamenepo cimadya fupa ndi kupana mtsemphawo, monga mtengo wogwera pa waya wa telefoni. Kawirikawiri khansayo iyambira kwina, ku bere, m'mapapo kapena ku prostate ya amuna, niyenda ndi mwazi kufikira ku msana.

Zizindikiro zake ndi izi:

1. Msana kupweteka masabata ambiri, makamaka usiku pogona.
2. Dzanzi m'miyendo, kapena kumva ngati lamba wamanga pa cifuwa kapena pa mimba.
3. Miyendo kulemera ndi kupunthwa poyenda.
4. Kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi cimbudzi kuturuka mosadziwa.

Miyendo ikayamba kufooka, pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Musataye masiku ndi kutema mphini, pakuti mtsempha wopanidwa nthawi yaitali umafa, ndipo ukafa sudzukanso. Odwala amene alandira cithandizo akali kuyenda ndiwo kawirikawiri apitiriza kuyenda.

Ku cipatala

Pa Zomba Central Hospital dotolo adzakupimani ndi kujambula msana. Ayenera kusiyanitsa khansa ndi TB ya msana, imene iri yofala m'dziko muno ndipo imacira ndi mankhwala. Pakafunika kuunika kozama mudzatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene makina a MRI oyamba m'Malawi anaikidwa mu 2008, ndi kumene kuli madotolo a opareshoni ya bongo ndi msana.

Si wodwala aliyense amene acitidwa opareshoni. Ena athandizidwa ndi mankhwala, ena ndi makina ootcha cotupa ndi cheza. Dotolo aona mphamvu za munthu ndi pamene nthenda yafika. Funsani mafunso onse musanasaine kalata yobvomera, ndipo pakhale mbale wina womva nao.

Pa opareshoni wodwala agonetsedwa tulo ndipo samva kanthu. Dotolo acotsa cotupa kapena mbali yake, pamodzi ndi fupa lopana mtsempha, ndipo nthawi zina alimbitsa msana ndi zitsulo. Kacidutswa ka cotupa katumizidwa kukapimidwa kuti adziwe mtundu wa khansayo. Tinene zoona: nthawi zambiri opareshoni siicotsa khansa yonse. Nchito yake ndiyo kumasula mtsempha, kucepetsa ululu ndi kupulumutsa miyendo, ndipo cithandizo cina cimatsatira.

Nchito ya abale

Dotolo akamaliza, nchito yaikuru itsalira odikirira wodwala. Kumbukirani izi:

1. Wodwala wosatha kudzitembenuza mumtembenuze pa maora 2 ali onse, usana ndi usiku, kuti asacite zironda za pogona. Anamwino adzakuonetsani kutembenuza mapewa ndi ciuno pamodzi osapotoza msana.
2. Pogona pakhale pouma ndi pofewa. Tsiku liri lonse yang'anani khungu la m'ciuno, m'matako ndi ku zidendene.
3. Amwe madzi ambiri, adye ndiwo zamasamba, zipatso, nyemba, mazira ndi nsomba.
4. Ngati ali ndi paipi ya mkodzo, sambani m'manja ndi sopo musanaigwire.
5. Bala likaturuka mafinya, thupi likatentha, kapena miyendo ikafookanso, bwererani ku cipatala msanga.

Kuphunziranso kuyenda kutenga masabata kapena miyezi: poyamba kukhala tsonga, kenaka kuimirira, pambuyo pace kuyenda ndi ndodo. Ena atumizidwa ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre kukalimbitsa thupi. Ena sadzayendanso, koma ndi njinga ya opuwala atha kupita ku msika, ku calici kapena ku mzikiti monga kale. Ululu ukakula musaope mankhwala a morphine amene cipatala cipereka. Wodwala sayenera kubuula usiku wonse pamene cithandizo ciripo.

Khansa siipatsirana, cotero musamsale wodwala. Idyani naye mbale imodzi. Inu aphunzitsi ndi mafumu, werengerani anthu anu mau awa pa bwalo. Mukamva kuti wina m'mudzi miyendo yayamba kumlemera, musadikire kuti mbale wa kutali abwere adzagamule. Pezani galimoto tsiku lomwelo.