Kodi mumadziwa? Foni imafunsa, koma siona mayendedwe anu

Kodi mumadziwa kuti kachigawo ka ubongo ka kunkhongo, kotchedwa cerebellum, n'kakang'ono koma kali ndi maselo a mitsempha ochuluka kuposa ubongo wonse wotsalawo? Ndiko kamathandiza kuti mbamu ya nsima ifike pakamwa osaphonya. Kakavulala, munthu amayenda modzandira, miyendo yotangadza, mawu akutuluka mokoka. Madokotala amati ataxia. Mowa umasokonezanso kachigawo komweka, n'chifukwa chake odwala ena amasekedwa kuti aledzera pomwe sanalawe n'dontho lomwe. Zimenezi zimandipweteka mtima.

Kodi mumadziwa kuti James Parkinson, dokotala wa ku London, anafotokoza matenda onjenjemera mu 1817? Pa matendawa, dzanja la wodwala limanjenjemera likangokhala pantchafu, koma mwini wake akafuna kutola kapu limayamba kukhazikika. Zilembo zimene wodwalayo amalemba zimanka zichepa.

Nanga za munthu wa ku Paris amene ankamva zonse koma pakamwa pake pankangotuluka "tan"? Munthuyo atamwalira mu 1861, dokotala Paul Broca anapeza kuti mbali ya kumanzere ya ubongo wake inali yowonongeka.

Kodi mumadziwa kuti pali mapulogalamu a pafoni amene mumawauza zizindikiro iwo n'kutchula matenda amene angakhale? Imodzi ndi Ada, ya ku Berlin, yomwe inayamba kupezeka m'Chiswahili mu 2019. Mapulogalamu otere amathandiza munthu kusanja zimene akumva asanapite kuchipatala. Koma mu 2015 akatswiri a ku Harvard atayesa mapulogalamu 23, anapeza kuti yankho loyamba linali lolondola maulendo 34 okha pa 100 aliwonse. Pa matenda a mitsempha mpata wolakwa ulipodi. Dokotala amakuuzani kuti mugwire mphuno yanu kenako chala chake, muyende chidendene chikugunda chala, muime mutatsinzina. Iye amaona ndi maso. Foni imangodalira zimene mwalemba.

Chachikulu n'chakuti vuto layamba bwanji. Ngati labwera mwadzidzidzi, pakamwa papotoka, mkono umodzi ukugwa akaukweza, lilime lalemera, ganizirani sitiroko. Mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa m'maola anayi ndi theka oyambirira. Yang'anani nthawi, mukamuuze dokotala, ndipo foniyo muimbire galimoto. Wodwalayo musam'mwetse madzi kapena phala m'njira, chifukwa angatsamwe.