Adindo a Mafungulo Osaoneka

Pamene alembi a ku banki atseka mabuku awo nalunjika kwawo, ndipo mlonda wa pachipata wayamba kukoleza mbaula yake, pali ntchito ina imene imangoyamba kumene, ndiyo yotumiza mafayilo kuchokera pa kompyuta ina kunka pa inzake ya kutali: ndandanda ya malipiro a antchito, kaundula wa katundu amene wagulidwa tsikulo m'nthambi zonse za sitolo, ndi makope a zolembedwa amene amasungidwa kwina kuti moto ukanyambita kuno, kuja kutsale. Palibe munthu amene amachezera kutumiza zimenezi, pakuti pulogalamu yotchedwa cron imadzutsa ntchito iliyonse pa ola limene idauzidwa. Koma kuseri kwake kuli mmisiri amene adazikonza zonse, amene anzake pa ofesi amangomutcha "wa IT".

Mtolo wa mmisiri ameneyu ndi uwu: kompyuta ya kutaliyo, imene amaitcha seva, siitsegulira mlendo asanatchule dzina ndi mawu achinsinsi, ndipo popeza pakati pa usiku palibe chala choti chilembe mawuwo, iye ayenera kuwasiya pamalo pamene makina angawatole okha. Afanana ndi mwini nkhokwe amene wasiyira wantchito chifungulo, iye nakagona. Walira mvula walira matope. Amene wafuna kuti makina amugwirire ntchito ali m'tulo wavomeranso kuti chinsinsi chake chigone kunja kwa mutu wake.

Njira yakale yotumizira mafayilo, ya FTP, adayamba kuilongosola Abhay Bhushan wa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT m'chaka cha 1971, masiku amene makompyuta olumikizana adali owerengeka, ndipo mwa iyo mawu achinsinsi amayenda pa waya osabisika konse, kotero kuti womvetsera panjira amawatola monga munthu atola mango ogwa. Oigwiritsa ntchito amasunga mawuwo m'kafayilo kotchedwa .netrc, mmene mumalembedwa dzina la seva, dzina la wolowa ndi chinsinsi chake, zonse poyera. Chitetezo chake n'chimodzi chokha: mmisiri amalemba lamulo lakuti chmod 600, kuti mwini yekha ndiye awerenge, ndipo akaiwala, pulogalamu ya FTP imakana kugwiritsa ntchito mawuwo.

M'chaka cha 1995, akuba atatchera khutu pa mawaya a sukulu yake ya ukachenjede ku Helsinki nakolola mawu achinsinsi a anthu, Tatu Ylönen adapanga SSH, imene imabisa zonse zoyenda panjira. Ndipo kuyambira 1999 pulogalamu ya OpenSSH idafalitsa nzeruyi kwaulere. Mwa njira iyi mmisiri amasula zinthu ziwiri zogwirizana ngati loko ndi kiyi wake. Lokoyo amakamuika pa seva ya kutali, m'fayilo ya authorized_keys, ndipo ngakhale aliyense amuone palibe kanthu. Koma kiyiyo satuluka m'kompyuta imene adabadwira. Komabe kiyi wa ntchito za usiku kawirikawiri amasiyidwa wopanda mawu omutchinjiriza, pakuti palibe wowalemba, ndipo apa ndi pamene mmisiri wanzeru amadziwika: amamanga kiyiyo kuti alandiridwe kuchokera pa kompyuta imodzi yokha, achite lamulo limodzi lokha, nalowe m'chipinda chimodzi chokha, kuti mbala ikamuba, ipeze kuti yaba chifungulo cha khola lopanda mbuzi.

Mayesero a ntchitoyi sachokera kwa akuba okha ayi, koma kwenikweni ku changu ndi kutopa. Bwana akamafulumiza, mtima umanong'oneza kuti mawu achinsinsi angolembedwa m'kati mwa pulogalamu lero, adzachotsedwa mawa. Ndipo mawa limenelo silifika. Wantchito wina amachoka, kiyi wake natsala wamoyo zaka zambiri. Chakudza sichiimba ng'oma: mu 2016 akuba adapeza mafungulo a kampani ya Uber atalembedwa m'mapulogalamu osungidwa pa tsamba la pa intaneti la GitHub, nakatenga nawo mbiri za anthu 57 miliyoni.

Chifukwa chake ndinena kuti chuma chenicheni cha mmisiri ameneyu ndi kukhulupirika m'zazing'ono: kulemba kaundula wa mafungulo onse ndi eni ake, kuwasintha pa nyengo yake, ndi kufafaniza a iwo amene adatsanzika. Zimenezi zimadya nthawi, ndipo zipatso zake sizioneka ndi maso, pakuti mphotho yake ndi tsoka limene silidagwe. Olemba ntchito amene amakumbukira munthu wa IT pokhapokha printa ikafa angachite bwino kumupatsa nthawi imeneyo ndi ulemu woyenera mdindo. Pakuti mphunzitsi ndi namwino akapeza malipiro awo m'mawa wa tsiku la malipiro, ndiye kuti chifungulo chimene iye adasunga chidatsegula khomo loyenera usikuwo, ndipo sichidagwe m'manja mwa wina.