Kodi Asilamu Timawadziwa Bwino?

M'dziko lathu lino Akhristu ndi Asilamu timatunga pa chitsime chimodzi, timagula pa msika umodzi, ndipo m'mabanja ambiri tinakwatirana. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 17 ndi Akatolika ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Komabe zambiri zimene timanena za Chisilamu sitinazimve kwa Msilamu ayi. Tinazimva pamaliro, pamowa kapena pa msonkhano wa ndale, ife nkuzipititsa patsogolo osafunsa. Akulu akale adati safunsa anadya phula. Tisaiwalenso kuti lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limatiletsa kunamizira mnzathu, kaya ndi wa mpingo wathu kaya si wa mpingo wathu.

Mulungu amene amampembedza

Ena amati Allah ndi mulungu wina, wachilendo. Liwu loti Allah ndi la Chiarabu ndipo tanthauzo lake ndi Mulungu. Akhristu a ku Lebanon, Egypt ndi Iraq, amene makolo ao anabatizidwa zaka mazana ambiri Uthenga Wabwino usanafike kuno, amanena liwu lomweli pa Misa, ndipo ndi limene linalembedwa m'Baibulo la Chiarabu. Akatolika a ku Malta amati Alla. Ife timati Mulungu, Chauta kapena Namalenga, abale athu a Chitumbuka amati Chiuta, koma palibe amene amaganiza kuti milunguyo ndi inayi.

Pa Msonkhano Waukulu wa Vatican II, m'chaka cha 1965, Aepiskopi a dziko lonse anatulutsa kalata yotchedwa Nostra Aetate. M'kalatamo Eklezia amanena poyera kuti amawalemekeza Asilamu popeza amapembedza Mulungu mmodzi, Mlengi wa zonse, ndipo akutipempha kuti tisiye kukumbana zakale ndi kuyamba kumvana. Apapa Yohane Paulo II, omwe aja anatiyendera kuno mu 1989, analowa mu mzikiti waukulu wa ku Damascus mu 2001. Choncho kulemekeza Asilamu ndi chiphunzitso cha Eklezia, si maganizo a anthu ofooka pa chikhulupiriro.

Enanso amati Asilamu amapembedza Muhammad. Kwa iwo Muhammad, amene anabadwira ku Makka cha m'ma 570 namwalira ku Madina mu 632, anali munthu, mneneri womaliza. Kupembedza munthu kapena chinthu pambali pa Mulungu ndilo tchimo loposa onse m'Chisilamu. Apa ife Akatolika tiyenera kumvetsa msanga kuposa wina aliyense. Ndi kangati anthu atinena kuti timapembedza Maria ndi mafano? Timadziwa m'mene zimawawira munthu wina akamakufotokozera chikhulupiriro chako molakwa, pomwe iwe mwini wake uli pomwepo.

Yesu ndi Amai Maria

Ambiri amadabwa akamva kuti Korani imamtchula Yesu ndi ulemu waukulu. Dzina lake m'menemo ndi Isa, mwana wa Mariamu. Asilamu amakhulupirira kuti anabadwa mwa namwali, kuti anachiritsa akhungu ndi akhate ndi kuukitsa akufa mwa chilolezo cha Mulungu, ndiponso kuti adzabweranso lisanafike tsiku la chiweruzo. Mutu wa 19 wa Korani unapatsidwa dzina la Mariamu, ndipo m'buku lonselo mkazi wotchulidwa dzina lake ndi iye yekha. Abrahamu, Mose ndi Davide alimonso.

Koma tisanamizane kuti zonse ndi chimodzimodzi. Asilamu savomera kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, savomera Utatu Woyera, ndipo amakana kuti anafera pa mtanda. Kwa ife izi ndizo phata la chikhulupiriro chathu, ndipo sitingazisiye pofuna kukondweretsa wina. Kusiyana kumeneku ndi kwenikweni ndipo ndi kwakukulu. Chimene si choona ndi chakuti Msilamu amadana ndi Yesu. Msilamu wodziwa chipembedzo chake sangamnyoze.

Si chipembedzo cha mtundu umodzi

Kuno kwathu ena akamva Msilamu amaganiza Myao. Alipo Ayao ambiri Akhristu, ena mwa iwo ndi ansembe ndi asisteri, ndipo ku Nkhotakota kuli Achewa ambiri a Chisilamu. Pa dziko lonse Aluya ndi pafupifupi mmodzi mwa Asilamu asanu alionse, ndipo Asilamu a ku Indonesia, Pakistan ndi India ndi ochuluka kuposa a dziko lililonse la Aluya. Chisilamu si chachilendonso muno. Jumbe Salim bin Abdullah anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo mafumu monga Makanjira ndi Mponda anachilandira mishoni zathu za Nzama (1901) ndi Mua (1902) zisanatsegulidwe. Nzoona kuti amalonda ena amene anabwera nacho ankagulanso akapolo. Koma Azungu obatizidwa nawonso anachita malonda oipawa kwa zaka mazana, ndipo sitivomera kuti mlandu wao ukhale wa mkhristu wa lero.

Za maliro ndi za chakudya

Pali mphekesera zambiri zokhudza m'mene Asilamu amasamalira maliro, popeza osambitsa amakhala ochepa ndipo amadzitsekera. Chimene chimachitika ndi ichi: amuna amasambitsa mwamuna, akazi amasambitsa mkazi, amasisita pamimba mofatsa kuti thupi liyere, amalikulunga mu nsalu yoyera ya sanda, ndipo amaika msanga, nkhope itayang'ana ku Makka. Kubisako ndi ulemu kwa womwalirayo, palibenso china.

Chimodzimodzi Msilamu akakana nyama pa ukwati wanu, sakukunyozani. Lamulo lake limaletsa nkhumba, mowa ndi nyama yosazingidwa m'dzina la Mulungu. Makolo athu m'midzi yambiri anapeza kale njira yake: mbuzi ya pamwambo amaitana Msilamu kuti azinge, onse nkudya. Ifenso tili ndi Lachisanu la m'Lenti, pamene iwo ali ndi mwezi wa Ramazani wosala chakudya ndi madzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Nanga za nkhondo?

Funso ili ndi lolemera ndipo tisalizembe. Alipo magulu amene amapha anthu m'dzina la Chisilamu. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, nkhondo yotere inayamba mu 2017, ndipo mu 2022 zigawenga zinapha Sisteri Maria De Coppi pa mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula. Izi nzoona ndipo nzomvetsa chisoni. Koma nzoonanso kuti m'midzi ya m'mbali mwa nyanja imene inaotchedwa munkakhala Asilamu ambiri, amene anaphedwa ndi kuthawa pamodzi ndi Akhristu, ndipo atsogoleri a Chisilamu a komweko anachenjeza boma za maguluwa nkhondo isanabuke. Liwu loti jihadi limatanthauza kulimbikira pa njira ya Mulungu. Nkhondo ilimo m'tanthauzo lake, koma malamulo a Chisilamu amaletsa kupha amai, ana ndi anthu osamenya nawo nkhondo. Kumuimba mlandu shehe wa pa mudzi panu chifukwa cha zigawenga za kutali nkulakwa.

Pamene mphekesera zilowa m'ndale

Aepiskopi athu atatulutsa kalata yao ya m'Lenti mu 1992, bungwe la Public Affairs Committee linakhazikitsidwa, ndipo Asilamu anakhala m'menemo pamodzi ndi mipingo ya Chikhristu pomenyera ufulu wa zipani zambiri. Pa chisankho cha 1994 panamveka mantha akuti Msilamu akalamula, dziko lonse lidzakakamizidwa kulowa Chisilamu. A Bakili Muluzi analamula zaka khumi, matchalitchi sanatsekedwe, ndipo amene anawalowa m'malo mu 2004, a Bingu wa Mutharika, anali Mkatolika. Koma manthawo anasiya chilonda. Zotsatira za chisankho cha 1999 zitalengezedwa, mizikiti ina inatenthedwa m'chigawo cha kumpoto, ndipo amene anavutika anali anthu wamba osauka, osati andale.

Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo. Gawo lomwelo ndi limene limateteza belu la pa parishi yathu ndi mdipiti wathu wa Ukaristia mumsewu, ndi limenenso limateteza kuitanira mapemphero ku mzikiti m'mamawa. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Wofuna voti akadzaima pa bwalo nkuyamba kutiopseza ndi chipembedzo cha mnzake, timfunse za mankhwala a kuchipatala, za feteleza ndi za mlatho umene unakokoloka. Ndipo pa msonkhano wa Mphakati, ngati pali funso lina la Chisilamu limene latsala, atsogoleri angathe kukambirana ndi Bambo Mfumu za kuitana shehe kapena mwalimu wa pafupi kuti adzayankhe yekha.