Mdala wa vipuku: analindira pafupifupi zaka 30 kuti dzina lake limveke

Ngati munaonapo filimu ya ku Japan mwamene mzimayi wovala zoyera, tsitsi litavinikira nkhope, abwera kuzabwezera amene anamulakwira, ndipo usiku uja munagona na malaiti oyaka, pali mdala wina amene muyenera kumudziwa. Dzina lake ni Tsuruya Nanboku IV. Anabadwa mu 1755 mu mzinda wa Edo, wamene lelo timati Tokyo, mu banja la anthu a nchito yonika nsalu mu utoto.

Nanboku anali wolemba masewero a kabuki. Aya ni masewero akale a ku Japan, a nyimbo, kuvina na nkhope zopenta. Boma inaletsa azimayi kukwera pa steji mu 1629, ndiye mbali zonse za akazi amasewera ni amuna. Ndipo mu kabuki bwana sanali wolemba. Bwana anali wosewera wotchuka, wamene anthu amalipilira pa khomo. Wolemba amasoka nkhani kuti imukwane bwanayo monga telala asokera kasitoma.

Analowa nchito ali na zaka 20 na pang'ono, pansi pa wolemba wamkulu Sakurada Jisuke. Musaganize ati anamupatsa cholembera kuti apange nkhani yake. Wophunzira amakopa mau a wosewera aliyense pa pepala, amamenya tumitengo tuwiri todziwitsa kuti katani itseguke, ndipo amabisala kumbuyo kunong'oneza wosewera akaiwala mau. Nanboku anakhala kumbuyo uko zaka na zaka, akusebenza na maina ena monga Katsu Hyozo. Enanu miyezi itatu chabe mu studio mukuti dziko sikuonani.

Mwayi unabwera mu 1804, ali na zaka 49. Analembera wosewera Onoe Matsusuke sewero la Tenjiku Tokubei, munthu wa matsenga wokwera chule chachikulu, ndipo Matsusuke amasintha zovala na nkhope mwamsanga mpaka anthu kusokonezeka. Edo yonse inathamangira kukaona. Mu 1811 anatenga dzina la Tsuruya Nanboku, la banja la mkazi wake.

Chamene chinamusiyanitsa na anzake ni anthu amene amaika pa steji. Masewero ambiri amakonda ngwazi na mabwana. Iye anabweretsa a nkhongole, akawalala, mahule, na masamurai amene nchito inasila, akhala mu tunyumba twa renti. Owonelera amaona anthu a mu njira mwao, na makambidwe awo.

Sewero lake lalikulu, Yotsuya Kaidan, linatuluka mu 1825 ku Nakamura-za, mdala ali na zaka 70. Mvelani nkhani yake. Iemon ni samurai wopanda bwana, apeza ya chakudya popanga maambulera. Mkazi wake Oiwa wangobala kumene, adwala. Pafupi pali banja lolemera lamene mdzukulu wao, Oume, afuna Iemon. Banja ija itumiza "mankhwala" kwa Oiwa, koma ni poizoni. Nkhope yake iwonongeka, diso limodzi litupa. Iemon, poona ndalama za kwa Oume, asankha kumusiya.

Apa ndiye pamene Nanboku anaonetsa kuti adziwa nchito. Sathamangira ku chipuku. Akhazika Oiwa pansi, adziona pa galasi, ayamba kupesa tsitsi kuti akaonekele bwino pamaso pa amene amuchita zoipa. Chipeso chikapita, tsitsi lithothoka. Apesanso, lithothokanso, mpaka magazi. Kwa ine, mantha eni-eni ali pamenepa, mzimayi akali moyo, akuyesa chabe kusunga ulemu wake. Zamene zibwera pambuyo ni malipiro.

Oiwa amwalira. Mtembo wake na wa wanchito Kohei aikhomera pa chitseko chimodzi, wina uku wina uku, naponya mu mtsinje. Pa usiku wa ukwati Iemon aona nkhope ya Oiwa pa mkwatibwi, atema na lupanga, apeza kuti wapha Oume. Tsiku lina ali kuwedza nsomba, chitseko chija chiyandama nafika pa mapazi ake. Wosewera mmodzi, Onoe Kikugoro III, ndiye anali Oiwa komanso Kohei: chitseko chikatembenuka, nkhope yasintha.

Mpaka lelo sewero ili amalipanga mafilimu, ndipo osewera asanayambe kulikonza amapita ku kachisi wa Oiwa ku Yotsuya mu Tokyo kukapepesa, poopa ngozi.

Nanboku anamwalira mu 1829. Asanafe analemba kasewero kanthabwala ka maliro ake omwe, ndipo anthu obwera kuzalira anapatsidwa kabuku kake kuti akawerenge.