Kodi makampani akuluakulu amawaimira ndani?

Amayi anzanga, ku banki m'khonde mukudziwa kuti ngongole imafuna wokuimira. Makampani obwera ndi ntchito zikuluzikulu nawonso amafuna wowaimira, ndipo amam'peza ku mabanki a chitukuko.

Banki Yaikulu Padziko Lonse ili ndi nthambi ziwiri zothandiza makampani omwe si a boma. IFC, yomwe inayamba mu 1956, imabwereketsa ndalama kapena kugula masheya. MIGA, ya mu 1988, imagulitsa inshuwalansi: kampani imalipira, ndipo MIGA imalonjeza kuibwezera ndalama boma likalanda katundu wake, likaphwanya mgwirizano, likaletsa kutumiza ndalama kunja, kapena kukabuka nkhondo.

Chitsanzo ndi malo opangira magetsi a dzuwa ku Salima, a mamegawati 60, omwe kampani ya JCM Power inatsegula mu 2021 itaimiridwa ndi MIGA. ESCOM imagula magetsiwo, omwenso amayendetsa firiji ya katemera ndi makina a mpweya m'zipatala.

Komatu ntchito zotere zimadya minda. Malamulo a IFC ndi MIGA amati eni malo afunsidwe, ndipo alandire chipukuta misozi chokwanira asanasamutsidwe. Zikalephereka, ofesi yoima payokha ya CAO imalandira madandaulo m'chilankhulo chilichonse, Chichewa chomwe.

Choncho kampani ikaitanitsa msonkhano kwanu, musasiyire abambo okha. Funsani kuti ndalama zachokera kuti, ndipo onetsetsani kuti dzina la wolima mundawo, ngakhale ali mayi wamasiye, lalembedwa.