Mutu 6: Tsiku la Gulu pa Njira za Phiri la Mulanje

Anthu ambiri a mu Lusaka amene ayamba kukonda maulendo apansi amalimbitsa miyendo Loweruka m'mamawa, ena mu msewu wa Leopards Hill kuchokera ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ena m'misewu ya ku Kabwata ndi ku Chelstone, ndipo akatha makilomita 20 osatopa amadziona kuti akonzeka kuyenda masiku angapo m'phiri. Koma mzinda wa Lusaka uli pamalo athyathyathya, pafupifupi mamita 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, kotero kuti mwendo wozolowera kumeneko sudziwa chitunda cha tsiku lonse. Ulendo umene magulu oterewa amaulakalaka ndi wa Phiri la Mulanje ku Malawi, kumene munthu amafika podzera mu Great East Road mpaka ku Chipata, n'kudutsa malire pa Mwami, kenaka Lilongwe ndi Blantyre. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, ndi ya mamita 3,002, ndipo pamwamba pa phirilo pali tinyumba togona apaulendo monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama ndi Sombani, totalikirana mtunda wa maola angapo. Mutu uno ulondola tsiku limodzi la gulu la abwenzi pa njira zimenezi, kuyambira mbandakucha mpaka pogona.

Tsiku limayamba kusanayere, pamene wina amasonkha moto n'kutereka madzi a tiyi ndi a phala, ena akupinda zofunda ndi kumanga zikwama. Kulawirira kotereku kuli ndi chifukwa chake: m'mawa kumwamba kumakhala koyera, koma dzuwa likakwera mitambo imayamba kuunjikana m'zigwa, ndipo m'miyezi yozizira ya Meyi mpaka Ogasiti kumagwa chiperoni, chimene ndi nkhungu yosakanizika ndi mvula yowaza ndi mphepo yozizira yochokera cha ku Mozambique. Gulu limene lanyamuka mochedwa chifukwa cha macheza a pa kadzutsa limakalipira nthawi imeneyo madzulo, likufunafuna njira pamiyala yoterera.

Gulu likangoyamba kuyenda, pamabuka nkhani imene iposa zonse za m'mutu uno, ndipo ndi imene abwenzi amailakwitsa kawirikawiri: liwiro la gulu ndi la munthu wochedwa kuposa onse. Anthu amavomera mfundoyi ndi pakamwa akadali pansi pa Likhubula, pamene njira zambiri zimayambira, koma chitunda chikawawa, pokwera mamita pafupifupi 1,000 kupita ku Chambe, amphamvu amatsogola ndipo mzere umatalika mpaka wakutsogolo samvanso mawu a wakumbuyo. Chimene chimachitika pamenepo n'chomvetsa chisoni ndithu. Otsogola amafika pamwala wopumira, amatula zikwama, amamwa madzi ndi kudya mtedza kwa mphindi 15, ndipo wotsalirayo akangotulukira, ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, iwo amadzuka n'kunena kuti tiyeni. Motero munthu amene akufunika mpumulo kuposa onse ndiye amene sapuma ngakhale kamodzi, ndipo chifukwa cha manyazi sadandaula, amangokakamiza thupi mpaka bondo kapena kakolo atamukana. Zili ngati ng'ombe ziwiri za pagoli limodzi: imene ithamanga siifikitsa ngolo msanga, imangoipotozera m'ngalande.

Mankhwala ake ndi osavuta, ngakhale amawawa kwa onyada. Wochedwayo aikidwe kutsogolo, kumbuyo kwa wolondolera njira, ndipo wamphamvu kuposa onse atseke mzere. Mpumulo uyambe kuwerengedwa pamene womaliza wafika. Katundu wa gulu, monga ufa, mafuta ophikira, usipa ndi mapoto, agawidwe molingana ndi mphamvu za munthu, osati mofanana, ndipo agawidwenso masana ngati wina wafooka. Kulemba ganyu onyamula katundu a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri si ulesi ayi, chifukwa anthu amenewa amadziwa mitsinje yowolokeka ndi mmene nyengo imasinthira, komanso ndalamayo imatsala m'deralo. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo m'phiri mwambiwu ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiyana ndi womulondolera kuti akafike yekha pa Sapitwa, nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patadutsa milungu yoposa iwiri. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, ndipo munthu wonyowa ndi wotopa akhoza kuzizidwa kopitirira muyeso, kutanthauza kuti kutentha kwa thupi lake kwatsika pansi pa madigiri 35. Zizindikiro zake, monga kupunthwapunthwa ndi kulankhula mosokoneza, mwini wake sazizindikira, amaziona ndi mnzake woyenda naye pafupi, ndipo n'chifukwa chake gulu lomwazikana silingateteze aliyense.

Palinso kulakwitsa kwina kogwirizana ndi komweku, ndiko kubisa ululu. Thuza limayamba ngati kutentha pang'ono pachidendene, ndipo likamatidwa pulasitala nthawi yomweyo nkhani imathera pomwepo, koma munthu woopa kuimitsa anzake amangolimba mtima mpaka khungu litasupuka, mawa lake gulu lonse n'kuyenda theka la mtunda. Nsapato zogula dzulo lake mu Cairo Road kapena ku Kamwala, zosapondedwapo, ndizo zimayambitsa matuza ambiri. Za madzi, dzuwa ndi zovala n'zodziwika kale: kumwa pafupipafupi, kuvala chipewa, ndi kusunga chovala chimodzi chouma m'pepala la pulasitiki.

Madzulo gulu limafika pa kanyumba, pamene mlonda wa pamalopo amathandiza ndi nkhuni ndi madzi. Ntchito zigawidwe anthu asanakhale pansi, chifukwa munthu akavula nsapato sadzukanso, ndipo kuphika kukagwera munthu mmodzimodzi masiku atatu otsatizana, mkwiyo umene sunanenedwe umadzatulukira pa nkhani ya mchere kapena ya malo ogona. Nsima ikaphikidwa, masokosi amayanikidwa chapatali ndi moto, ndipo nsapato siziyandikizidwa konse popeza guluu wake amasungunuka. Nthawi imeneyi ndiyonso yokambirana za mawa mosabisa, aliyense anene mmene mapazi ndi mawondo ake alili, kuti ngati pafunika kudumpha Sapitwa n'kulunjika ku Thuchila, chigamulocho chipangidwe ndi onse. Gulu limene lasiya nsonga kuti mmodzi wa iwo asavulale silinalephere, pakuti tsiku la pa njira yaitali limayezedwa ndi funso limodzi lokha, lakuti kodi onse amene afika madzulo ano atha kuyendanso mawa.