Phunziro 7: Nyumba Yakale, Chakudya cha M'munda wa Pafupi

Mu phunziro lino muona mmene nyumba yakale ingasandukire malo odyera ogwiritsa ntchito zokolola za pafupi. Muonanso mmene nkhaniyi ingakuthandizireni pophunzitsa mbiri ndi ulimi nthawi imodzi.

Tiyambe ndi chitsanzo cha ku Malawi. M'boma la Thyolo muli esiteti ya Satemwa imene Maclean Kay anaiyambitsa mu 1923. Mu 1928 pamalopo anamangapo nyumba ya banja lake, yotchedwa Huntingdon House. Patapita zaka zambiri nyumbayi inakonzedwanso n'kukhala malo ogona ndi odyera alendo. Tiyi ndi khofi zimene mlendo amamwa pakhonde lake zimalimidwa pa esiteti pomwepo. Ku Blantyre nakonso kuli Mandala House, nyumba yosanja imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. Inasamalidwa bwino, ndipo pansi pake anatsegulapo malo omwera tiyi pomwe pamwamba anaikapo laibulale ya Society of Malawi.

Kodi phindu lake n'chiyani? Choyamba, nyumba yopanda ntchito sichedwa kugwa. Denga likayamba kudontha, chiswe chimalowa m'mitanda, kenaka anthu amazula zitseko ndi malata. Koma nyumba imene ikubweretsa ndalama mwini wake amaikonza msanga. Chachiwiri, tomato kapena mkaka zikachoka kumunda n'kulunjika kukhitchini, sizidutsa m'manja mwa mavenda ambiri. Mlimi amapeza mtengo wabwinoko, ndiwo zimafika zisanafote, ndipo ndalama ya thiransipoti imachepa.

Komabe musaganize kuti zonse n'zophweka. Wophika amayenera kutsata nyengo: mango akatha, atha basi. Mlimi naye akalephera kubweretsa katundu pa tsiku limene anagwirizana, alendo amakhala ndi njala. Vuto lina ndi la mbiri. Nyumba zambiri zoterezi anamangira azungu, koma oumba njerwa ndi otunga madzi anali makolo athu. M'madera a Thyolo ndi Mulanje anthu ankalipira malo okhala pa maesiteti pogwira ntchito ya thangata, imene inathetsedwa mu 1962. Mukamaphunzitsa, musasiye mbali imeneyi.

Tsopano tayang'anani kwanuko ku Bindura. Tauniyi inayamba chifukwa cha mgodi wa golide wa Kimberley Reefs, ndipo dzina loti Bindura inalilandira mu 1913 njanji itafika. Anthu ambiri ochokera ku Nyasaland anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a m'chigwa cha Mazowe, ndipo zidzukulu zawo mwina zili m'kalasi mwanu. Nyumba zakale ziliponso, minda nayo ili pafupi.

Ntchito 1

Tengani ophunzira anu mukaone nyumba imodzi yakale ya m'dera lanu, mutapempha chilolezo kwa eni ake. Afunse akuluakulu kuti inamangidwa liti, anaimanga ndani, ndipo ogwira ntchitowo ankakhala kuti.

Ntchito 2

M'magulu a anthu asanu, ophunzira alembe mndandanda wa zakudya zimene angaphike m'nyumbayo mwezi wa Febuluwale ndi mwezi wa Okutobala, pogwiritsa ntchito zokhazo zolimidwa pamtunda woyenda pansi. Afotokoze chifukwa chake mindandanda iwiriyo yasiyana.

Lembani zimene mwapeza m'ndime ziwiri ndipo mutumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno.